Kodi mercury amafika bwanji kumalo a ayezi kumene kulibe fakitale?

Namzeze:
Anzanga, ndithandizeni apa. Ndikuwerenga za anthu a mtundu wa Inuit okhala ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, ndipo akuti ali m'gulu la anthu amene m'magazi mwawo mumapezeka mercury wambiri kuposa anthu ambiri padziko lapansi. Chikundizunguza mutu n'chakuti kumeneko kulibe mafakitale oti n'kuwaloza chala, kulibenso utsi wa m'mizinda ikuluikulu. Kuli ayezi, nyanja ndi mphepo basi. Ndiye poizoni ameneyu akuchokera kuti? Komanso mercury si chitsulo cholemera kodi? Angayende bwanji ulendo wonsewo mpaka kukafika kumathero a dziko? Zikundipweteka mtima kuti anthu amene sanawononge kanthu ndi amene akuvutika nazo.

Gologolo77:
Ndi mphepo imeneyo achemwali. Palibenso china.

Namzeze:
A Gologolo77, mphepo inyamule chitsulo? Tafotokozani bwino.

Mphunzitsi_Sayansi:
A Gologolo77 sakunama, kungoti adumpha zapakati. Mercury ndi chitsulo chachilendo. Pamalo ofunda bwinobwino amakhala wamadzimadzi, ndipo amauluka pang'onopang'ono n'kukhala mpweya wosaoneka, wopandanso fungo. Akakhala mpweya choncho sasungunuka kwenikweni m'madzi, motero mvula simutsitsa msanga ngati mmene imatsitsira fumbi kapena mwaye. Amatha kuyandama m'mwamba kwa miyezi 6 mpaka chaka chathunthu. Pomwe mphepo ya kumtunda imazungulira dziko m'masabata ochepa chabe. Ndiye ganizirani nokha kuti pa chaka chimodzi angafike kuti.

Kumene amachokera n'kodziwika. Lipoti la 2018 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linawerengera kuti mu 2015 ntchito za anthu zinatulutsira mumlengalenga matani pafupifupi 2,220 a mercury. Mwa amenewa, 38 pa 100 alionse anachokera kwa okumba golide m'migodi ing'onoing'ono, amene amasakaniza mercury ndi dothi la golide kenako n'kuwotcha kuti mercury auluke, golide atsale. Cha pa 21 pa 100 anachokera ku kuwotcha malasha. Otsalawo ndi a kumafakitale a simenti, kosungunulira zitsulo ndi ku zinyalala. Ofufuza za ku Arctic, dera la ayezi la kumpoto kwenikweni kwa dziko, amati woposa 98 pa 100 wa mercury wa mumpweya amene amafika kumeneko amatuluka kunja kwa deralo.

Mumpweyamo amakhala wochepetsetsa. Kumpoto kwa dziko ndi ma nanogram pafupifupi 1.5 mu kiyubiki mita imodzi, ndipo nanogram ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Munthu wopuma mpweya wotere sadwala ayi. Vuto limayamba akatsika.

Tsokonombwe:
Tsono apo mpamene pali yankho. Kumeneko kumazizira koopsa. Mercury amaundana pa madigiri 39 kunsi kwa ziro, ndipo ku Arctic kuzizira kotere kumachitika kawirikawiri m'nyengo ya mdima. Mpweya wake ukafika umangozizidwa n'kugwa pa ayezi, n'kukhala pompo mpaka kalekale.

Chiphaliwali:
Pepani bambo Tsokonombwe, apa ndikutsutsani. Kuti mpweya uundane n'kugwa pamafunika ukhale wochuluka ndithu, ndipo ma nanogram 1.5 aja ndi ochepa kwambiri, ngakhale kuzizire bwanji. Komanso zikanakhala kuti chimamugwetsa ndi kuzizira, bwenzi akugwa kwambiri mu Januwale, pakati pa mdima. Zimene anapeza oyeza si zimenezo.

Mu 1995 asayansi a ku Canada anayamba kuyeza mercury wa mumpweya usana ndi usiku ku Alert, pa chilumba cha Ellesmere, kumene ndi kumpoto kwambiri mwa malo onse amene anthu amakhalako chaka chonse. M'miyezi ya mdima manambala sankasinthasintha kwenikweni. Koma dzuwa litabwerera anayamba kuona zodabwitsa: mercury akutsika mwadzidzidzi, nthawi zina mpaka kutsala pang'ono kutheratu, kenako n'kubwerera, kenako n'kutsikanso. Ndipo akatsika, ozoni (mpweya wina wa mtundu wa okosijeni) wa pafupi ndi nthaka nayenso ankatsika limodzi naye. William Schroeder ndi anzake anazilemba mu 1998. Pambuyo pake zomwezi zinapezeka ku Barrow ku Alaska, kumene tsopano amati Utqiaġvik, ndiponso ku Ny-Ålesund pa zilumba za Svalbard. Zimachitika chaka ndi chaka, kuyambira cha mu Malichi mpaka mu Juni.

Wochititsa zimenezi ndi bromine, ndipo amachokera mumchere wa m'nyanja. Madzi a m'nyanja akamaundana amakankhira mchere kunja, wina n'kukwera pamwamba pa ayezi. Chipale chofewa chimene chagwa pamenepo chimayamwa mcherewo, mphepo n'kumachiuluza. Kuwala kwa dzuwa kukafika, mumcheremo mumatuluka bromine, ndipo kuwala komweko kumamugawa kukhala maatomu aukali. Maatomuwa amaphwanya ozoni, zotsalira zake zimabwerera pa chipale chamchere chija n'kukatulutsanso bromine wambiri kuposa poyamba. Zimangochulukirachulukira. Bromine yemweyo akakumana ndi mercury amamugwira n'kumusintha kukhala mtundu womata, wosungunuka m'madzi. Chinthu chimene chikanayandama chaka chonse chimagwa m'maola kapena m'masiku ochepa.

Tsokonombwe:
Ndamva. Koma popanda kuzizira ayezi wamchereyo sakanakhalapo, ndiye kuzizira kuli m'kati momwemo.

Chiphaliwali:
Pamenepo sindikukanani, ndipo kuzizira kumathandizanso kuti bromine akagwira mercury asamutaye msanga. Chimene ndikukana n'chakuti amangoundana yekha, komanso chakuti akagwa amakhala pompo.

MayiWaAwiri:
Ngati sakhala pompo, amapita kuti?

Chiphaliwali:
Amabwerera kumwamba, mayi. Dzuwa lomwe linamugwetsa lija limamumasulanso. Kuwala kukamalowa m'chipale kumamubweza ku mtundu wake woyamba, wouluka uja, ndipo oyeza amaona kuti woposa theka amachoka m'masiku ochepa. Wotsala amakhala wambiri m'chipale cha m'mphepete mwa nyanja ndi cha pa ayezi wa panyanja, poti mchere umamugwira zolimba. Wina amakwiriridwa ndi chipale chatsopano kumene kuwala sikufika. Ameneyo amadikira mpaka chipale chitasungunuka, n'kutsika ndi madzi oyambirira kulowa m'nyanja.

Nkhwazi_Yoyera:
Nkhani ya bromine ndi yokoma kumva, n'chifukwa chake aliyense amayambira pomwepo. Koma ine ndimaona kuti imabisa njira ina yaikulu. Tayang'anani mapu. Nyanja ya Arctic ndi yaing'ono poyerekeza ndi nyanja zinzake, koma yazunguliridwa ndi mtunda, ndipo mitsinje ikuluikulu imathira m'menemo: Ob, Yenisey, Lena ndi Kolyma ku Siberia, Mackenzie ku Canada. Yukon nawo umathira m'nyanja ya Bering, madzi ake n'kumalowera kumpoto komweko.

Ku Toolik, m'chigwa chopanda mitengo cha kumpoto kwa Alaska, gulu la Daniel Obrist linayeza kwa zaka 2 ndipo mu 2017 linalemba kuti pafupifupi 70 pa 100 wa mercury wolowa m'nthaka ya kumeneko sabwera ndi chipale kapena mvula. Amalowa ngati mpweya kudzera m'masamba a udzu, tizitsamba ndi ndere, makamaka m'nyengo yofunda zomera zikamakula. Zomera zikafa zimalowa m'nthaka, ndipo chifukwa cha kuzizira siziwola msanga, zimangounjikana. Zakhala zikutero kwa zaka masauzande. Nthaka imeneyo ndi youndana chaka chonse, ndiye inasunga zonse.

Mu 2018 Paul Schuster ndi anzake anawerengera kuti m'nthaka youndanayi muli matani 793,000 a mercury. Ena atayeza nthaka ya ku Siberia anati nambalayo ndi yokwera kwambiri, anaitsitsa. Koma ngakhale mutaidula pakati, yerekezani ndi matani 2,220 a pachaka amene aphunzitsi atchula aja. Mitsinje yokha imapititsa kunyanja matani pafupifupi 40 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo m'masabata a Meyi ndi Juni pamene ayezi wa m'mitsinje akusweka ndipo madzi akusefukira. Magombe nawonso akugumuka ndi mafunde, kugwetsera nthaka m'nyanja.

Chiphaliwali:
Sindinanene kuti mitsinje kulibe, a Nkhwazi_Yoyera. Koma mercury wa m'mitsinje wambiri amabwera atamatirira ku matope, ndipo matopewo amadikha pafupi ndi gombe. Wa bromine amagwera pakati penipeni pa nyanja, mu mtundu wosungunuka, pa nthawi imene zamoyo za m'madzi zikuyamba kuswana. Kuchuluka kwa matani si nkhani yokhayo.

Nkhwazi_Yoyera:
Koma inu nomwe mwanena kuti woposa theka amathawa.

Chiphaliwali:
Amathawadi, n'chifukwa chake ndikuti zimazungulira. Ndiwonjezere ichi. Ku Alert komwe kuja, mercury wa mumpweya akatsika mu Epulo ndi Meyi, amakwera kupitirira muyezo wake cha mu Julayi. Madzi a pansi pa ayezi amakhala atadzaza mercury wa mtundu wouluka, koma alibe potulukira. Ayezi amakhala ngati chivundikiro cha mphika. Akayamba kung'ambika ndi kusungunuka, mpweyawo umatuluka. Asayansi akhala akukangana kuti wochuluka mu Julayiyo amachokera m'mitsinje, m'chipale chosungunuka kapena m'madzi a m'malire mwa ayezi. Amene anali pa sitima ya Polarstern, imene inakhala itamangika mu ayezi kuyambira 2019 mpaka 2020, anaona kuti malire a ayezi ndi amene amatulutsa kwambiri.

Ming'alu ya ayeziyo ilinso ndi ntchito ina. Madzi a m'mng'alu ndi ofunda kuposa mpweya wa pamwamba pake, ndiye nthunzi imakwera n'kuvundula mpweya, mercury watsopano wa m'mwamba n'kutsikira pansi pomwe bromine akudikira.

NesiWaUsiku:
Ine nkhani ya mercury imandikumbutsa kuntchito. Kale tinkagwiritsa ntchito ma temomita a galasi. Tsiku lina ina inasweka m'chipinda cha ana, timipira tasiliva tinangoti balala pansi pa mabedi. Mnzathu wina anathamangira tsache, mwamwayi mkulu wathu anamuletsa. Kusesa kumangotiphwanya tikhale tating'ono, tiziuluka msanga. Tinatulutsa ana, kutsegula mawindo, kuvala magolovesi, n'kumatola ndi katoni yolimba kuika m'botolo lotseka. Lero ndikamawerenga zanuzi ndikuganiza kuti kanthunzi kamene kanatuluka pa windo paja mwina kanakathera pa ayezi.

MayiWaAwiri:
Anesi, nanga zija amamatira mano zooneka zasiliva? Ndili nazo ziwiri. Ndikazichotse?

NesiWaUsiku:
Zimenezo pafupifupi theka lake ndi mercury, n'zoona. Koma madokotala a mano salimbikitsa kuchotsa zimene zili bwinobwino, chifukwa pozikumba mpamene nthunzi imatuluka yambiri ndipo dzino limaonongeka. Kaonaneni ndi dokotala wa mano aziyang'ane. Chimene ine ndimaopa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Ena amaikamo mercury dala, ndipo amaononga impso. Mayi akamadzola, mwana amene akumuyamwitsa naye amalandirako.

Gologolo77:
Mafuta amenewo ngoletsedwa, koma pa intaneti akugulitsidwabe. Ndani amayang'anira?

Tsokonombwe:
Za temomita zandisangalatsa. Ndiye kuti ku Arctic ya mercury siigwira ntchito, poti imaundana?

Mphunzitsi_Sayansi:
Eya bambo, kukazizira kupitirira madigiri 39 kunsi kwa ziro imaima. Ankagwiritsa ntchito za spiriti wopaka utoto, masiku ano ndi zamagetsi. Ku Vostok, ku Antarctica, mu 1983 kunazizira kufika madigiri 89.2 kunsi kwa ziro. Koma tiyeni tibwerere, chifukwa funso la a Namzeze silinayankhidwe. Tafika naye m'nyanja mercury, koma sitinafike naye m'magazi a munthu.

DonthoLaMadzi:
Gawo limeneli ndi limene ndimalidziwa pang'ono, poti ntchito yanga ndi ya mu labu yoyeza madzi. Choyamba ndinene kuti kuyeza mercury m'madzi oyera ndi ntchito yotopetsa. Amakhala wochepa moti botolo losatsuka bwino, kapena mpweya wa munthu amene ali ndi zomatira mano zija, ungathe kusokoneza zotsatira. Timagwira anthu awiri, wina amakhudza botolo lokha, wina amakhudza zina zonse. Ndikamaganiza za amene amachita zimenezi ali pa ayezi, manja akuuma, ndimawapatsa ulemu.

Tsono mercury amene wagwa ndi chipale kapena wabwera ndi mtsinje salowa kwenikweni m'minofu ya nyama. Woopsa ndi mtundu wina wa mercury wotchedwa methylmercury, ndipo amapangidwa ndi mabakiteriya. Mu 2013 ofufuza a ku Oak Ridge ku America anapeza majini awiri, hgcA ndi hgcB, amene amapatsa bakiteriya mphamvu imeneyi. Kale ankaganiza kuti zimachitika m'matope a pansi okha mopanda okosijeni. Kenako anaona kuti zimachitikanso m'madzi a pakati, mmene tizomera takufa tikumira n'kumawola.

Apa mpamene Arctic ikusiyana ndi nyanja zina. M'nyanja zofunda methylmercury amachuluka pansi kwambiri, mamita mazanamazana mpaka 1,000. Ku Arctic amachuluka pafupi, pakati pa mamita 100 ndi 300. Madzi a kumeneko ndi osanjikizana, opanda mchere wambiri pamwamba chifukwa cha mitsinje ndi ayezi wosungunuka, amchere olemera pansi, ndipo sasakanikirana msanga. Zakufa zija zimachedwa pamalirepo. Malo amenewo ndi omwenso tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timadyera, ndipo nsomba zimatitsatira komweko. Kumadzulo kwa Arctic ya Canada anapeza kuti methylmercury wa m'madzi a pakatiwa ndi wambiri kuposa kum'mawa, ndipo nyama za kumadzulo nazonso zili naye wambiri.

Dzuwa limaphwanya methylmercury m'madzi a pamwamba. Koma pansi pa ayezi wokhuthala, ndiponso m'miyezi ya mdima, kuwala kulibe.

Namzeze:
Ndiye kuchokera pa tizilomboto mpaka kwa munthu?

Mphunzitsi_Sayansi:
Methylmercury amakakamira ku mapuloteni a m'minofu, ndipo thupi limachedwa kumutulutsa. Tizomera tosaoneka ndi maso timamuyamwa m'madzi, ndipo pamenepa pokha amachuluka kuwirikiza masauzande ambirimbiri kuposa mmene alili m'madzimo. Tizilombo tidya tizomera. Kansomba kotchedwa Arctic cod, kamene kamabisala kunsi kwa ayezi, kadya tizilombo. Akatumbu a m'nyanja (ma seal) ndi anangumi oyera otchedwa beluga adya nsombazo, kwa zaka makumi. Chimbalangondo choyera chidya akatumbu. Aliyense amasunga zimene wadya, ndiye wokhala pamapeto amalandira za onse. Mlenje wa Inuit amadya akatumbu, beluga ndi nangumi wina wotchedwa narwhal, motero naye ali pamapeto pomwepo.

Chopweteka n'chakuti methylmercury amadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana wosabadwa, ndipo amafika ku ubongo umene ukukula. Ku zilumba za Faroe, Philippe Grandjean ndi Pál Weihe anatsatira ana oposa 1,000 obadwa mu 1986 ndi 1987, amene amayi awo ankadya nyama ya nangumi wotchedwa pilot whale. Atafika zaka 7, amene analandira mercury wambiri ali m'mimba ankatsalira pang'ono pa kukumbukira, kutchera khutu ndi chilankhulo. Mu 2008 akuluakulu a zaumoyo kumeneko analangiza kuti nangumi wa mtundu umenewo asamadyedwenso.

MayiWaAwiri:
Ndiye bwanji a Inuit osangosiya kudya nyama zimenezo? Ine mwana wanga ali pachiopsezo sindingaganize kawiri.

Namzeze:
Mayi, asiye adye chiyani? Kumeneko sikulimidwa. Chakudya cha m'sitolo chimabwera pa ndege kapena pa sitima, n'chokwera mtengo, ndipo chambiri n'cha shuga ndi ufa woyera. Kusaka ndi moyo wawo, ndi mmene amagawanirana, ndi mmene ana amaphunzirira kwa makolo. Munthu wina awononge nyanja yawo, kenako tiwauze kuti asiye kukhala Inuit?

MayiWaAwiri:
Sindikunyoza chikhalidwe chawo achemwali. Ndikungoti ubongo wa mwana ukaonongeka subwerera.

NesiWaUsiku:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo azaumoyo a kumeneko akhala akulimbana ndi zomwezi. Ku Nunavik, kumpoto kwa Quebec, sananene kuti anthu asiye chakudya cha makolo. Anafufuza kuti mercury wambiri akuchokera mu chiyani, anapeza kuti ndi mnofu wa beluga, makamaka woumitsa. Ndiye analangiza amayi oyembekezera ndi amene angatenge pakati kuti achepetse umenewo, azidya kwambiri nsomba ya Arctic char imene ili ndi mercury wochepa ndi mafuta abwino. Chikopa cha beluga chili ndi selenium wambiri, amene thupi limamufuna. Uphungu wotere ndi umene ine ndimaukhulupirira, chifukwa ukangoopseza anthu amathawira ku zakudya zimene zimawabweretsera shuga ndi kuchepa magazi.

Kamtedza:
Ine ndikukayika pang'ono. Mercury si wachilengedwe kodi? Mapiri ophulika amatulutsa, miyala ili naye. A Nkhwazi_Yoyera anenanso kuti nthaka yasunga kwa zaka masauzande. Mwina zimbalangondozo zakhala naye chiyambire, ife tangoyamba kuyeza.

Nkhwazi_Yoyera:
Funso labwino, ndipo linayankhidwa. M'nyumba zosungira zinthu zakale muli mano a beluga ndi akatumbu, ubweya wa zimbalangondo, nthenga za mbalame, ngakhale tsitsi la anthu amene anaikidwa m'manda ku Greenland zaka mazana zapitazo. Rune Dietz wa ku Denmark ndi anzake anaziyerekeza ndi za masiku ano. Kwa zaka mazanamazana muyezo unali wotsika, wosasintha kwenikweni. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 unayamba kukwera, mpaka kuwirikiza pafupifupi ka 10. Anawerengera kuti woposa 90 pa 100 wa mercury amene ali m'nyama zimenezi lero anabwera ndi ntchito za anthu. Wachilengedwe alipodi, koma si amene wakweza chonchi.

Gologolo77:
Ndiye olakwa ndi okumba golide aja. 38 pa 100.

Mphunzitsi_Sayansi:
Tisafulumire a Gologolo77. Nambala imeneyo ndi ya chaka chimodzi. Mercury safa, sawola. Amene anatuluka kale akadali kuzungulira, kugwa pa nthaka ndi panyanja, kuulukanso, kugwanso. Kuyambira zaka za m'ma 1500 atsamunda a ku Spain ankayenga siliva wa ku Potosí ndi ku Mexico pogwiritsa ntchito mercury wa ku Huancavelica ndi ku Almadén. Mu 1849 anthu anakhamukira ku California kukasaka golide, nawonso ndi mercury. Kenako Ulaya ndi America anawotcha malasha kwa zaka zoposa 100. Kafukufuku wa 2014 anaonetsa kuti m'madzi a pamwamba a nyanja zonse mercury wawirikiza katatu chiyambire nthawi ya mafakitale. Wokumba golide wa lero ndi munthu wosauka amene amapuma nthunziyo iye mwini, ndi ana ake pambali. Akufunika njira ina yoyengera, osati kumusenzetsa mlandu wa zaka 500.

Gologolo77:
Koma akutulutsabe. Wina ayenera kusiya.

Kamtedza:
Nanga mgwirizano wa Minamata uja sukuthandiza?

Nkhwazi_Yoyera:
Unasainidwa ku Japan mu Okutobala 2013, unayamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017. Dzinalo ndi la tauni imene mu 1956 madokotala anazindikira matenda oopsa a ubongo mwa mabanja a asodzi, chifukwa fakitale inkathira methylmercury m'nyanja. Mgwirizanowu umaletsa kutsegula migodi yatsopano ya mercury, ukuthetsa zinthu monga ma temomita ndi mabatire ena, ndiponso umalamula kuchepetsa utsi wa malasha. Atsogoleri a Inuit anakapezeka pa zokambirana zake.

Ku Alert mercury wa mumpweya wakhala akutsika pang'onopang'ono kuchokera mu 1995. Koma m'nyama sizikutsatira molunjika, kwina akutsika, kwina akukwera. Chifukwa chimodzi ndi nyanja. Mpweya umafika ku Arctic m'masiku kapena m'masabata, pomwe madzi ochokera ku Atlantic ndi ku Pacific amatenga zaka makumi, atanyamula mercury amene anagweramo kalekale.

Tsokonombwe:
Takhala tikunena za kumpoto kokha. Nanga kum'mwera?

Chiphaliwali:
Kutsika kwa mercury chifukwa cha bromine kunapezekanso ku Neumayer, siteshoni ya Germany ya m'mphepete mwa Antarctica, mu 2000. Kumeneko kumachitika cha mu Ogasiti mpaka Novembala, poti nyengo zake n'zotembenuka. Mpweya wa kum'mwera uli ndi mercury wocheperako, cha pa nanogram 1, chifukwa mafakitale ambiri ali kumpoto. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti Antarctica ndi mtunda wozunguliridwa ndi nyanja, ulibe mitsinje ngati Lena, ulibenso chigwa cha udzu choyamwa mercury.

Koma pamwamba pake, ku Concordia, mamita oposa 3,000 kuchokera pa nyanja, kumachitika zakezake. M'chilimwe dzuwa sililowa, ndipo mercury amangosinthana pakati pa chipale ndi mpweya tsiku ndi tsiku, kutuluka dzuwa likakwera, kutsika likapendeka. Mphepo yozizira yolemera imene imatsetsereka kuchoka pamwambapo imanyamula wina kupita naye kugombe. Mu ayezi wa panyanja ya kumeneko anapezanso mabakiteriya okhala ndi majini ofanana ndi amene a DonthoLaMadzi atchula. Ndipo mbalame ya albatross yoyendayenda, imene imadya m'nyanja ya kum'mwerayo ndipo imakhala zaka zoposa 50, ili m'gulu la mbalame zokhala ndi mercury wambiri m'nthenga.

Namzeze:
Funso lina. Ayezi akutha, akuti Arctic ikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuyambira 1979. Zimenezi zichepetsa vutoli kapena ziwonjezera?

Chiphaliwali:
Zikukokera mbali ziwiri. Madzi akakhala poyera, mercury wouluka amatuluka mosavuta ndipo dzuwa limaphwanya methylmercury wa pamwamba. Izi n'zothandiza. Koma ayezi wakale wokhuthala akulowedwa m'malo ndi wa chaka chimodzi, amene ndi wamchere kwambiri komanso wong'ambika msanga, ndiye bromine akupeza pochokera pambiri. Tizomera ta m'madzi tikamachuluka, zowola pa mamita 200 paja nazonso zimachuluka, mabakiteriya n'kupeza chakudya.

Nkhwazi_Yoyera:
Ine mantha anga ali pamtunda. Ku Peel Plateau, kumpoto chakumadzulo kwa Canada, mapiri a nthaka youndana akusungunuka n'kumagumuka, matope akutsikira m'timitsinje. Oyeza anapeza mercury wochuluka modabwitsa m'madzi a kumunsi kwa zigumukirezo. Nthaka ikasungunuka pamatsalanso madambo ndi timaiwe topanda okosijeni, malo amene mabakiteriya opanga methylmercury amakonda. Utsi wa fakitale boma lingathe kuuletsa, koma nthaka yosungunuka palibe lamulo limene lingaiimitse.

DonthoLaMadzi:
Ndikugwirizana nanu za madambowo. Za matope ndiwonjezere kuti wambiri amakhala womatirira ku dothi, ndipo ku mtsinje wa Yukon anaona kuti wina amakwiririkanso m'mphepete mwa mtsinje womwewo asanafike kunyanja. Pa za Greenland tisamalenso. Mu 2021 gulu lina linalemba kuti madzi osungunuka pansi pa ayezi wa kumeneko ali ndi mercury wochuluka kwambiri, koma mu 2024 gulu lina linakayezanso malo ambiri n'kupeza wochepa zedi. Ndanena kale mmene botolo limodzi lingasokonezere.

MayiWaAwiri:
Nanga zimbalangondo, ayezi akatha zidya chiyani? Zimenezo sizisintha muyezo?

Mphunzitsi_Sayansi:
Zikusintha kale mayi. Kum'mwera kwa nyanja ya Beaufort, ku Alaska, mercury wa mu ubweya wa zimbalangondo anatsika pakati pa 2004 ndi 2011. Mpweya ndi madzi sizinayere ayi. Ayezi atachepa, zimbalangondo zambiri zinayamba kukhala kumtunda n'kumadya zotsala za anangumi a bowhead amene alenje apha. Bowhead amadya tizilombo ting'onoting'ono, osati nsomba, ndiye mnofu wake uli ndi mercury wochepa kuposa wa akatumbu. Choncho wina akakuonetsani nambala yotsika kapena yokwera, muyambe mwafunsa kuti nyamayo inkadya chiyani chaka chimenecho, ndiponso inkadyera kuti.

Tsokonombwe:
A Chiphaliwali, ndikufunabe kumvetsa za ayezi wa chaka chimodzi uja. Wakale mchere wake umapita kuti?

Chiphaliwali:
Umatsika bambo. M'kati mwa ayezi watsopano muli timipata todzaza madzi amchere wowawa. Chilimwe chikafika, madzi osungunuka pamwamba amadutsa m'timipatamo n'kukokolola mcherewo kulowa nawo m'nyanja, limodzi ndi mercury amene anali mommo. Ayezi amene wapulumuka zilimwe zingapo amatsala ndi mchere wochepa moti alenje amamusungunula n'kumwa.